Mwamuna Amene Tinamusiya M'basi

Matero, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ana anga, za kumudzi ndi za kusukulu ndinakuuzani kale pakamwa, ndipo zina munazimva mpaka kutopa nazo. Pano ndiyambira pamene ndinakhala pampando wa ntchito koyamba. Ndinalembedwa ngati wotaipa ku bungwe lina limene linkayang'anira maholo a m'makomboni, kumene amayi ankaphunzira kusoka, kuphika ndi kuwerenga. Anandiika ku Matero, komboni ina ya mu Lusaka, m'kachipinda ka kuseri kwa holo, kokhala ndi zenera limodzi loyang'ana mtengo wa mango. Ntchito yanga inali kutaipa maphunziro pa sitensulo, kuimanga pa makina opukusa ndi dzanja, n'kutulutsa mapepala okwanira kalasi yonse. Inki yake inali yakuda bii, yonona, yosamva sopo. Atate anu pondifunsira ankati anayamba akonda zala zanga, chifukwa anali asanaonepo mkazi wa zikhadabo zakuda chotero. Bodza limenelo ndinalilandira ndi manja awiri.

Bwana wanga anali a Mulenga, munthu wa kumpoto, wamtali, wosavula tayi ngakhale dzuwa la Okutobala litawamba malata. Sanali munthu woipa, koma ankaopa phokoso kuposa njoka. Chilichonse chimene chikanachititsa kuti akuluakulu a m'tauni atchule dzina lawo ankachizimitsa chisanayake. Zaka zoyambazo tinkagwirizana bwino, chifukwa mapepala analipo ambiri ndipo ine ndinalibe maganizo anga pa zimene ndinkataipa. Masana kukatentha ndinkapukusa makina maso ali pa mtengo wa mango, mapepala akugwa limodzilimodzi, ndipo nthawi zina ndinkadzidzimuka nditatulutsa ochuluka kuposa ofunika. Ndinali wokondwa, ndipo sindinkadziwa kuti ndine wokondwa.

Kenako zinthu zinayamba kusowa. Unayamba ndi shuga, anatsatira mafuta ophikira ndi sopo, mpaka ufa umene. Munthu ukaona mzere unkayamba waima kaye, n'kufunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani. Kuntchito nako kunafika. Tsiku lina a Mulenga analowa m'kachipinda kanga, nakhoma kabati ya mapepala, kiyi n'kuika m'thumba la malaya.

"Ba Esinati, mapepa yasila mu tauni," anatero. "Kuyambila manje, munthu umozi pepa imozi pa wiki. Vonse vikwane pamene apo."

George, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980

Mphunzitsi wa kalasi yowerenga ku komboni ya George atasiya ntchito kukagulitsa kapenta kumsika, ananditumiza ine kuti ndikakhale wotaipa ndi mphunzitsi pamodzi, malipiro omwewo. Kwa ife zinali bwino, chifukwa tinali titapeza nyumba pafupi, ndipo atate anu anali atachotsedwa kale ntchito kufakitale. Holo ya ku George inali yaing'ono, ya mabenchi ogwedezeka, ndipo fumbi linkalowa ngati nalo linalembetsa. Ophunzira anga anali amayi akuluakulu, ogulitsa tomato, ochapa zovala m'mayadi, ophwanya miyala. Mabuku oyambira anali atang'ambika kalekale. Ndinkawataipira tiziganizo ta mayi amene wapita kumsika kukagula nyama, iwo n'kumaseka mpaka misozi, kufunsa kuti mayi ameneyo akukhala dziko liti.

Pakhonde la holoyo pankakhala bambo wina dzina lake a Zulu. Kale anali kondakita wa mabasi akuluakulu, koma mabasiwo anali ataima kudepoti chifukwa chosowa zitsulo, udzu ukumera pansi pake. A Zulu analibe kopita. Ankabwera m'mawa, kutsamira khoma, kugona, kudzuka, kulemba pa mapepala a matumba a simenti ndi kapensulo kakafupi, n'kugonanso. Anali woonda, wolankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene mawu akuchokera naye kutali. Tsiku lina anamva amayi akuseka za nyama ija, ndipo kalasi itatha anandipatsa chipepala chopindapinda.

"Mayo, yesani iyi. Kapena bangaikonde."

"Ndimwe olemba mabuku, ba Zulu?" ndinawafunsa mowaseka.

"Iyayi. Ine nimalota chabe. Nikauka, nakopela."

Nkhaniyo inali ya mayi amene anaima pamzere wa ufa kuyambira m'mawa, ndipo pobwerera kunyumba anapeza kuti chithunzithunzi chake chatsala pamzere pomwepo, chikusungabe malo. Masana onse ankayenda wopanda mthunzi, anthu osazindikira, kupatula mwana wake wakhanda amene anakana kuyamwa. Inathera pomwepo. Ndinatembenuza pepala kufuna zotsala, kunalibe. Nditawafunsa kuti mapeto ake ali kuti, anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti maloto sakhala ndi mapeto, munthu amangodzuka. Koma nkhaniyo inkakwana ndendende pa pepala limodzi, ndipo ine ndinali nditatopa ndi mayi wa nyama. Ndinaitaipa.

Sindidzaiwala mmene kalasi inakhalira tsiku limenelo. Amayi amene ankatenga mlungu wonse kuti amalize mizere itatu anakakamira pa pepalalo, zala zikuyenda pansi pa mawu, milomo ikunyeng'ama. M'holo munali zii, kungomveka ntchentche ndi wailesi ya kutali. Atamaliza, mmodzi anadzuka n'kupita panja padzuwa kukadziyang'ana pansi. Wina anakwiya nane kuti ndawabisira tsamba lachiwiri. Wina anati nkhani yotere si yosunga m'nyumba mogona ana, naiponya pambaula atafika kwawo, koma mlungu wotsatira anali woyamba kufika kudzafunsa ngati yatuluka ina. Ndipo zinatulukadi zina. Panali ya mpopi wa m'komboni umene unkatulutsa mawu a anthu akumudzi m'malo mwa madzi, amayi n'kumatunga mawuwo m'ndowa. Panali ya bambo amene tsiku lililonse pobwera kofuna ganyu ankapeza chitseko cha nyumba yake chafupika pang'ono. Mapepalawo ankayenda komboni yonse. Ena ankakulungira vitumbuwa, wogula n'kuwerenga akudya, n'kubwera kuholo kudzafunsa zotsala. Amuna amene kale ankanyoza sukulu ya akazi awo anayamba kuima pamazenera.

Chimene ine sindinachiganizire ndi ichi. Amayi amenewa asanabwere kwa ine, mawu osindikizidwa amene ankawadziwa anali a m'Baibulo, a m'buku la nyimbo, ndi a pakhadi la kuchipatala. Kwa iwo chinthu chotuluka m'makina sichinkanama. Nthano ankazidziwa bwino, koma nthano imatuluka pakamwa pa munthu amene ukumuona akumwetulira. Izi zinkatuluka m'makina a bungwe, zilembo zake zoongoka ngati za boma. Ndinkawauza kuti ndi zopeka, iwo n'kuvomera ndi mutu mwaulemu, monga mmene umavomerera mwana amene akukufotokozera chinthu chimene sakuchidziwa.

George, chaka cha basi ija

M'kalasimo munali mayi wina wofatsa amene tinkamutchula amake Tisa. Ankakhala kumbuyo, ndipo anali wochedwa kugwira zilembo kuposa onse. Amuna awo, a Tembo, anali mmisiri womanga nyumba. Ntchito zitatha mu Lusaka anakwera basi kupita kumigodi kukafuna ina, atalonjeza kuti pobwera adzatenga shuga. Mvula inagwa n'kutha, ina inagwanso n'kutha, osabwera, osatumiza mawu, ndipo onse amene anapita kukafunsa anabwerako manja lende. Amake Tisa anatsala ndi mwana wamkazi mmodzi, nyumba ya zipinda ziwiri imene a Tembo anamanga ndi manja awo, ndi makina osokera amene ankawadyetsa.

Chaka chimenecho kunabwera atsibweni a a Tembo kuchokera kumudzi, nkhalamba yotchedwa a Sakala. Anati mbumba yakhala pansi n'kugwirizana kuti mwana wawo anamwalira, choncho mkazi ametedwe ndi kusudzulidwa monga mwa mwambo. Kumudzi mwambo umenewu ndi wachifundo, umamasula munthu kuti ayambenso moyo. Koma m'tauni masiku amenewo tonse tinkadziwa chimene chinkatsatira lezala. Tsitsi likangogwa pansi, achibale a mwamuna ankagawana zonse, bedi, makina, malata a padenga, nyumba n'kugulitsa, mkazi n'kutsala ndi chitenje chimene wavala. Amake Tisa analibe kwawo kobwerera, makolo awo anali atatha. Tsiku lometa linali litapanganidwa kale, ndipo mayi wachikulire wa mumpingo mwawo anali atavomera kudzagwira lezala.

Mlungu womwewo ndi umene a Zulu anandipatsa nkhani ya basi, osadziwa chilichonse cha zimenezi, ndipo inenso poitaipa sindinaganize za munthu aliyense. Inali ya bambo wovala jekete losowa batani, amene anakwera basi kubwerera kwawo ku George, paketi ya shuga ili pamaondo. Basi inadutsa Matero, inadutsa pokhotera, n'kumangopita. Pazenera panadutsa mvula, panadutsa chimanga chofiira ngayaye, panadutsa fumbi la chilimwe, mvula n'kubweranso. M'basimo palibe amene ankadandaula. Mayi wina anabereka kumpando wa kumbuyo, mwanayo n'kuphunzira kuyenda akugwira zitsulo za mipando. Bamboyo shuga sanatsegule, chifukwa anali wa kunyumba. Akati atsike, kondakita ankamuyankha mokoma kuti patsogolo pang'ono. Pomaliza anaona nyumba yonga yake, zovala zili pachingwe, mkazi ataima pakhomo akuyang'ana kumsewu, ndipo anakweza dzanja kuti agogode galasi.

Imeneyi ndiyo nkhani yoyamba imene amake Tisa anawerenga okha kuchokera pamwamba mpaka pansi popanda kundiitana. Anzawo onse anali atatuluka, iwo akadali pabenchi, chala chili pa mzere womaliza. Nditafika pafupi anakweza maso, ndipo anali owala ngati a munthu amene wangodzuka kutulo tabwino.

"Ba ticha, aba ni batate bake Tisa," anatero motsitsa. "Jekete ija ni ine ninaibala kusokelapo batani. Bali moyo. Bali chabe mu basi."

Ndinawauza kuti amuna a majekete osowa mabatani adzaza Lusaka yense, ndi kuti a Zulu anangolota. Anavomera ndi mutu, napinda pepala lawo bwinobwino, n'kupita. Pofika Lamlungu komboni yonse inali itamva kuti makina a kuholo alemba kuti a Tembo ali moyo. Ndiye panabuka vuto limene a Sakala sanaliyembekezere. Kumetera munthu wamoyo ndi kumuitanira imfa, ndipo wogwira lezalalo amatchedwa mfiti mpaka kumanda. Mayi wa mumpingo uja anabweza mawu ake. A Sakala anafunsa wina, anakana. Anafunsa wachitatu, anati dzanja likumupweteka. Nkhalamba inayenda George yense ndi lezala m'thumba, osapeza woligwira.

A Sakala anayamba apita kwa a Zulu pakhonde kukawapempha kuti amalize nkhaniyo, basi igubuduzike, anthu amve kuti munthuyo anafa. A Zulu anangoti zimenezo sanazilote, natsamiranso khoma. Ndiye a Sakala anapita kuofesi m'tauni, ndipo tsiku lina masana ndinangoona akulowa m'holo pamodzi ndi a Mulenga. Nkhalambayo inavula chipewa n'kukhala pabenchi. Inali yaulemu, ndipo mwina mumtima mwake inkaona kuti ikuchita zoyenera.

"Mwana wanga, ife sitinabwere kudzakangana," anatero a Sakala. "Pepala lanu latimanga manja. Mwana wathu mzimu wake ukungoyendayenda, sunagonekedwe. Lembani lina, lonena kuti ulendo unathera pangozi, kuti ife tigwire mwambo tibwerere kukalima."

"Nanga nyumba, atate?" ndinafunsa.

"Za nyumba ndi za mbumba. Inu zanu ndi zolemba."

A Mulenga anandikokera pambali, thukuta likutsika m'kolala. "Ba Esinati, iyi ni nkhani chabe. Ba pasita badandaula, bazimai bena bayopa kukwela basi, manje bafamili bafika na ku ofesi. Imwe muziba kutaipa, simufunika ba Zulu. Lembani tumalaini tung'ono, munthu afe, tonse tipumule. Ngati simufuna, ine nizalesa vonse ivi, na imwe nizakuchosani kuno." Anatsegula chikwama natulutsa sitensulo yatsopano, chinthu chimene ndinali ndisanachione kwa miyezi, n'kuiika patebulo panga. Anati adzabwera Lachisanu kudzaona.

Ana anga, musaganize kuti amayi anu anali olimba mtima ngati a m'mabuku. Ndinaopa kwambiri. Inu munali aang'ono, atate anu analibe ntchito, ndipo holo ya ku George ndinkapitako wapansi osalipira basi. Ndinalowetsa sitensulo ija m'makina otaipira n'kukhala ndikuiyang'ana. Kunali kotentha, malata akulira, ndipo ndikuganiza kuti ndinawodzera, chifukwa ndinadzipeza ndili m'basi muja. Ndinamva fungo la dizilo ndi la nkhuku, ndinaona msana wa jekete patsogolo panga, ndi khosi la munthu wotopa. Zala zanga zinali pa zilembo, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangokanikiza, basiyo ipendekeka. Ndinadzidzimuka. Ndinatseka holo n'kupita kwa amake Tisa.

Ndinawapeza pakhonde akupalasa makina, akusoka yunifolomu ya mwana wa eni. Anandipatsa kampando. Ndinawauza zonse zimene a Mulenga ananena, kenako ndinawafunsa mosazungulira ngati akukhulupiriradi kuti amuna awo ali m'basi imeneyo. Anasiya kupalasa, nayang'ana kumsewu kumene fumbi linkauluka.

"Masiku yena nikhulupilila, masiku yena iyayi," anatero. "Niziba kuti ba Zulu sibabaziba bamuna banga. Sindine mwana. Koma nikabelenga pepa ija nimabaona, bali bwino, shuga ili pa makokola. Nikaleka kubelenga nimaona chabe ba Sakala na lezala." Anatembenukira kwa ine. "Imwe mukabapaya pa pepa, ba ticha, mailo malata aya yachoka. Tisa azagona kuti?"

Lachisanu a Mulenga anabwera napeza sitensulo ili yoyera monga anaisiyira. Ndinaichotsa m'makina n'kuwabwezera ndi manja awiri. Pakamwa panga, mukupadziwa inu, sipachedwa.

"Ba bwana, ine ku kosi bananiphunzisa kutaipa vamene balemba benangu. Kupaya munthu sibananiphunzise."

Anaika sitensulo m'chikwama, natuluka. Mwezi usanathe nkhani za a Zulu zinaletsedwa, makina opukusa anatengedwa, ine n'kulandira mawu akuti ndasamutsidwira ku komboni ya Chawama. A Sakala anadikira mpaka mitambo itayamba kuda, koma wogwira lezala sanapezeke, ndipo munda sudikira munthu. Anakwera basi kubwerera kumudzi akung'ung'udza. Nyumba inatsala ndi malata ake.

Chawama, zaka zotsatira

Za ku Chawama ndilibe zambiri zokoma. Kuchokera kwathu kunali kutsidya lina la mzinda, ndipo masiku ambiri ndinkayenda wapansi kudutsa m'tauni, nsapato zili m'chikwama kuti zisathe. Mukukumbukira inu akuluakulu mmene ndinkafikira miyendo itatupa, n'kumakukalipirani popanda chifukwa. Kumeneko sanandipatse kalasi. Ndinkataipa zidziwitso za misonkhano imene anthu sankabwerako, ndipo riboni itatha ndinkaipaka inki ndi nthenga kuti igwirenso. Masiku ena ndinkadzitukwana ndekha panjira kuti ndinavutitsa ana anga chifukwa cha munthu wa m'maloto a kondakita. Masiku ena basi ikandidutsa yodzaza, ndinkapezeka ndikuyang'ana m'mazenera mmodzimmodzi, ngati ndikufuna wina amene ndikumudziwa.

A Mulenga sitinadane. Atapuma ntchito tinakumana pamaliro ena, tayi ili pakhosi monga kale, ndipo anandinong'oneza kuti nkhani ya mpopi ija anaisunga, amaiwerenga akasowa tulo. A Zulu anamwalira ine ndili ku Chawama, ndipo ndinamva mochedwa, ataikidwa kale. Zolemba zawo za pa matumba a simenti akuti eni nyumba anakolezera moto. Bungwe lathu nalo linafooka pang'onopang'ono, maholo ena n'kusanduka matchalitchi, ena mabala, mpaka tsiku limene anatiitana kutiuza kuti tikapume.

George, nditapuma ntchito

Zaka zambiri zitadutsa, ine nditayamba kale kuyenda ndi ndodo, kunyumba kunabwera mayi wina wonenepa bwino, wovala yunifolomu ya unamwino. Sindinamuzindikire mpaka atadzitchula kuti ndi Tisa. Anati amayi ake akundifuna, ndipo anafunsafunsa kwa anthu ambiri kuti andipeze. Tinakwera minibasi m'mawa wa Loweruka. George anali atasintha, nyumba zitathinana, koma nyumba ija ndinaidziwa. Inali itawonjezedwa chipinda, pakhonde pali maluwa m'zitini. Tisa anandiuza panjira kuti mapepala a nyumbayo tsopano ali m'dzina lake, ndipo a Sakala ndi onse a msinkhu wawo anapita kale.

Amake Tisa anali atakalamba kuposa ine, mutu uli mbuu. Anandilandira pabalaza pa mipando yabwino ya nsalu, natumiza tiyi. Tinacheza za anzathu a m'kalasi, amene anatsala ndi amene anapita. Kenako anandiuza zimene sindinkazidziwa. Panali bambo wina wabwino, wamasiye, amene anawafunsira Tisa akadali kusukulu, ndipo iwonso anamukonda. Koma akanavomera bwanji, George yense akudziwa kuti amuna awo ali panjira? Mpingo ukanawadula, ndipo achibale aja akanabwereranso tsiku lomwelo. Pamaliro a anzawo ankakhala nawo ndi kulira nawo, koma awo sanalirepo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa kulira kukanakhala kuvomera. Ananena zonsezi mosadandaula, akupukuta kapu ndi nsonga ya chitenje. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndinasowa poyang'ana.

"Nyumba munanisungila, ba ticha, ndipo nimayamika," anatero. "Koma nalema. Na batate bake Tisa balema. Manje palibe wamene angatichose pano. Basikiseni mu basi ija."

"Makina kulibe, bamake Tisa. Na ba Zulu banafa."

"Lembani chabe na manja. Nizabelenga."

Tisa anabweretsa pepala ndi bolopeni. Dzanja langa linali lisanalembepo nkhani yangayanga chibadwire. Ngozi sindinailembe. Ndinalemba kuti tsiku lina masana basi inaima yokha pamalo a mitengo yambiri, injini n'kuzima, kondakita natsegula chitseko n'kunena kuti bwana, ndi pano. Bamboyo anatsika pang'onopang'ono, miyendo itauma. Shuga uja anapatsa mwana wobadwira m'basi, amene tsopano anali wamkulu, namupempha kuti akamusiyire kunyumba akadzadutsako. Kenako anavula jekete, naliyala pamthunzi, nagona chogonera kumanja, nkhope italoza kwawo. Mphepo inali yabwino, ndipo sanadzukenso.

Amake Tisa anavala magalasi, nalandira pepalalo. Anawerenga monga ankawerengera kale, chala pansi pa mawu, milomo ikuyenda, osadumpha ngakhale chilembo. Panja ana ankasewera, wina akuitanira makala. Atafika pamapeto anabwereranso mizere iwiri yomaliza. Anavula magalasi, nawaika patebulo, namasula duku n'kulimanganso molimba. Ndiye anatembenukira kwa mwana wawo n'kulankhula ndi mawu wamba, ngati akumutuma madzi.

"Tisa, chosa mipando uike panja."

Tinanyamula mipando ija ine ndi Tisa, ndodo yanga ndi ukalamba wanga womwe, n'kuindandalika pabwalo monga timachitira pakagwa zovuta. Pamene tinkabwerera kudzatenga tebulo, amayi ake anali atakhala kale pansi, miyendo atatambasula, msana kukhoma. Kulira kwawo kunayamba pang'ono, ngati munthu amene akuyesa nyimbo imene anaiiwala, kenako kunakwera n'kudzaza nyumba yonse mpaka kumsewu. Ndinakhala pansi pambali pawo, nanenso ndinalira.

Anthu oyandikana nawo anayamba kufika, amayi akumanga zitenje m'chiuno akuthamanga. Mtsikana wina wa nyumba yapafupi, amene nkhani ya basi inachitika asanabadwe, anaima pakhomo n'kufunsa Tisa monong'ona kuti wamwalira ndani.

"Ni batate," anayankha Tisa. "Uthenga wafika lelo."